Ndathira makala m'dimba, mbewu zachita chikasu. Ndalakwitsa pati?

Wadimba: Moni nonse. Ndabwera ndi nkhawa, ndithandizeni nzeru. Ndinamva kuti biochar, makala aja othira m'nthaka, amadzutsa dothi lotopa. Ndiye ndinasonkhanitsa zitsononkho ndi nthambi zouma, ndinaziwotcha m'dzenje, n'kupeza makala odzaza ndowa 6. Ndinawaphwanya bwinobwino n'kuwasakaniza ndi dothi pa mabedi awiri. Bedi lachitatu makala anandithera, ndiye linakhala lopanda. Ndinawokera tomato pa mabedi onse tsiku limodzi. Lero patha milungu itatu. Pa mabedi a makala masamba am'munsi achita chikasu, mitengo yake ndi yowonda ngati udzu. Bedi lopanda makala lija ndi limene labiriwira. Mtima ukundiwawa chifukwa mbande zimenezi ndinazilera ndekha kuchokera pa njere. Kodi ndawononga nthaka yanga?

Mayi wa Nkhuku: Pepani achimwene. Ndifunse kaye: makalawo musanawathire m'dothi munayamba mwawasakaniza ndi manyowa kapena kompositi?

Wadimba: Ayi amayi. Nditazimitsa ndi madzi ndinawayanika masiku awiri, basi ndinathira.

Mayi wa Nkhuku: Vuto lagona pamenepo. Munathira makala anjala. Makala ongotuluka pamoto amakhala opanda kanthu m'kati, ndiye akafika m'dothi amayamba kudzikundikira chakudya chimene mbewu zanu zimadalira. Nthaka simunaiwononge ayi, musataye mtima. Ine anga ndimawayala kaye pansi m'khola la nkhuku. Amakhala m'menemo mwezi wathunthu, nkhuku zikuwapalasa, zitosi zikulowerera. Pokolola manyowa ndimakokolola zonse pamodzi. China chimene ndinaona n'choti fungo lobaya m'mphuno lija la m'khola linachepa kwambiri, pansi pamakhalanso pouma.

Mlangizi wa Nthaka: Amayi anena zoona. Ndiwonjezere pang'ono kuti timvetse chimene chikuchitika pansipo. Mukathyola kachidutswa ka makala n'kukayang'anitsitsa, muona timizere ndi timabowo. Amenewo ndi timipope timene madzi ankayendamo mtengo uli moyo. Moto wachotsa madzi, utomoni ndi mpweya, chatsala ndi chigoba cha kaboni chodzaza ndi timabowo, tambiri tosaoneka n'komwe ndi maso. Timabowoti timasunga madzi, ndipo makoma ake amagwira michere ya m'nthaka. Makala akakalamba m'dothi mphamvu yogwira michereyi imakulirakulira.

Chachiwiri ndi ichi. Makala atsopano amakhala ndi kaboni wina wochepa wosavuta kuwola. Tizilombo ta m'nthaka timathamangira kumudya, ndipo kuti tichulukane timafuna nayitrojeni. Timamutenga m'dothi momwemo, mbewu n'kutsala manja lende. Chizindikiro mwachitchula nokha achimwene: chikasu chayambira masamba am'munsi. Mbewu ikasowa nayitrojeni imamusamutsa kuchoka ku masamba akale kupita ku nsonga zimene zikukula, n'chifukwa chake akale ndi amene amayamba kufuwa. Zimenezi n'zosakhalitsa. Thirani manyowa amadzi sabata ino. Viikani zitosi kapena ndowe zowolerana m'thumba mu mgolo wa madzi masiku angapo, musungunule mpaka madziwo apepuke mtundu, muthire m'mbali mwa mbewu. Ngati muli ndi feteleza wa nayitrojeni, pang'ono pokha athandiza msanga.

Wadimba: Zikomo alangizi, mwanditsitsimula. Nanga mkodzo? Ndinamva kuti ena amagwiritsa ntchito.

Mlangizi wa Nthaka: Umagwira ntchito, muli nayitrojeni wambiri, komanso potaziyamu ndi fosiforasi. Pothirira mbewu zimene zili kale m'munda sungunulani, gawo 1 la mkodzo ku magawo 10 a madzi. Muthire pa dothi osati pa masamba, ndipo musiye kukatsala mwezi kuti muyambe kukolola. Koma pamene mkodzo umakomera kwambiri ndi podyetsa makala asanapite kumunda. Mumawaviika mu mgolo milungu iwiri kapena kuposerapo, amamwa, ndipo fungo lake limachepa.

Mphunzitsi Wopuma: Ana anga, ndiloleni ndibwerere kumbuyo pang'ono, chifukwa nkhani ya kumene nzeruyi inachokera ikuyankha funso la mwana wathuyu. Ku nkhalango ya Amazon, makamaka m'dziko la Brazil, dothi lambiri ndi lofiira kapena lachikasu, la asidi, ndipo mvula yambiri imakokolola michere. Koma m'malo ena, kawirikawiri pa zitunda za m'mbali mwa mitsinje, mumapezeka dothi lakuda bii, lachonde, mwina kuzama kwake mpaka mamita 2. Amalitcha terra preta, m'Chipwitikizi kutanthauza dothi lakuda. Katswiri wa za nthaka wa ku Netherlands, Wim Sombroek, analemba za dothi limeneli mu 1966, ndipo kuyambira pamenepo ofufuza ambiri analitembenukira. Dothili linapangidwa ndi anthu amene ankakhala kumeneko zaka mazanamazana zapitazo, malo ena zaka zoposa 2,000, ndipo mpaka lero likadali lachonde kuposa loyandikana nalo.

Tsono chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Akakumba dothi limenelo sapeza makala okha. Amapeza mapale a miphika, mafupa a nyama, minga ya nsomba, phulusa, ndi zotsalira za zinyalala za pakhomo. Makala ankagwera pamodzi ndi zonyansa zonse za pamudzi, chaka ndi chaka, mibadwo ndi mibadwo. Chakudya chinachokera ku mafupa ndi zinyalala, makala anagwira ntchito yochisunga kuti mvula isapite nacho. Ife tikatengapo makala okha n'kusiya zinazo, tatenga nkhokwe yopanda kanthu.

Wa Nazale: Aphunzitsi, zikomo, izi sindinkazidziwa. Ine ndimafesa mbande za mitengo m'machubu. Ndimagwiritsa ntchito makala a mankhusu a mpunga, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 10 a dothi la m'chubu, osakaniza ndi kompositi. Machubu amapepuka, madzi sadikha, ndipo ukang'amba chubu umaona timizu toyera titalowa m'makalamo n'kutulukira mbali ina. Ndinawerenga kuti alimi a ku Japan akhala akuchita zimenezi kuyambira kalekale, makala a mankhusuwo amawatcha kuntan.

Wokonda Mitengo: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndilankhule, chifukwa nkhani imeneyi imandidetsa nkhawa. Kuwotcha makala kwamaliza nkhalango m'madera ambiri pa dziko lino. Lero tikuuza anthu kuti makala ndi abwino kumunda. Kodi sitikupereka chifukwa chatsopano chogwetsera mitengo? Mtengo wamoyo umagwira dothi ndi mizu, umagwetsa masamba, umapereka mthunzi, umakoka madzi. Kuudula kuti ukonze nthaka n'kugwetsa nyumba kuti upeze mitengo yomangira khola. Komanso taganizani kuchuluka kwake. Makala amene amatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 kapena 5 a kulemera kwa nkhuni zouma. Amene akufuna matani 10 pa hekitala afunika nkhuni matani 40 kapena 50. Zichokera kuti?

Mlangizi wa Nthaka: Abambo, nkhawa yanuyi ndi yoona ndipo sindikufuna kuichepetsa. Masamu anuwo ali bwino. Aliyense wodula mtengo wamoyo kuti apange biochar walakwitsa, palibe kukambirana. Zoyenera kuwotcha ndi zimene zikanapsa pachabe kapena kuwola pa mulu: zitsononkho, mankhusu a mpunga, makoko a mtedza, nthambi zotengulira, nsungwi zakale, zitsamba zolowerera zimene tikuzula kale.

Wokonda Mitengo: Nanga mapesi? Ine ndimaphimbira nawo nthaka. Akawola amadyetsa nyongolotsi. Ndiwawotche?

Mlangizi wa Nthaka: Ayi, musawotche. Pamenepa ndili mbali yanu. Mapesi ndi masamba ofewa ntchito yawo yabwino ndi kuphimba nthaka, kuiteteza ku dzuwa ndi ku madontho a mvula, ndi kudyetsa zamoyo za m'dothi. Mukawawotcha nayitrojeni wambiri amene anali m'menemo amathawira mumlengalenga. Makala sangalowe m'malo mwa zophimbira. Ine ndimati zofewa ziwole, zolimba zimene zimatenga zaka kuti ziwole ndi zimene zipite kudzenje. Ndipo za matani 10 zija, m'kafukufuku wambiri amathiradi matani 10, 20 ngakhale kuposa pa hekitala, koma mlimi wamng'ono sayenera kutsanzira zimenezo. Matani 10 pa hekitala ndi kilogalamu imodzi pa sikweya mita iliyonse, munda wonse. Koma mizu siili paliponse. Mukathira dzanja limodzi kapena awiri a makala odyetsedwa m'phando lililonse, mumagwiritsa ntchito ochepa kwambiri, ndipo ali pamene muzu uwapeze. Popeza sawola msanga, chaka chamawa mukuwonjezera pa zimene zilipo kale.

Wokonda Mitengo: Ngati zili choncho ndamva. Koma ndikupempha kuti aliyense wophunzitsa anzake za makalawa aziyamba ndi mawu amenewo, chifukwa uthenga ukamayenda pakamwa umafika utaduka, munthu amangomva kuti makala ndi feteleza, n'kunyamula nkhwangwa.

Mayi wa Nkhuku: Zoona abambo. Ndipo mawu akuti feteleza amenewo ndi amene anapweteketsa achimwene athuwa.

Wa Nazale: Ine ndili ndi funso la kawotchedwe. Mankhusu ndimawadziwa, koma ndikayesa nthambi m'dzenje ndimapeza theka phulusa, theka nkhuni zosapsa. Utsi wake ndiye wosaneneka, maso amachita kufiira. Mumatani anzanga?

Mmisiri wa Migolo: Achemwali, ndikufotokozereni mmene ndimachitira, chifukwa inenso ndinavutika nazo. Chinsinsi chili pa kaumbidwe ka dzenje ndi kaponyedwe ka nkhuni. Kumbani dzenje lotambalala kukamwa, lopapatiza pansi, ngati beseni lakuya. Pansi pasakhale polowera mpweya. Nkhuni zikhale zouma kwambiri, zothyoka ndi phokoso, ndipo zikhale zofanana kukula, zosaposa dzanja lanu kunenepa. Yambani ndi kamoto kakang'ono pansi, ka tinthambi, koyatsira pamwamba. Kakagwira bwino n'kusanduka makala ofiira, yalani nkhuni zina pamwamba, mzere umodzi wokha, osaunjika.

Tsono apa ndi pofunika maso. Nkhuni zija zikatentha zimatulutsa mpweya woyaka, ndipo mpweyawo umayaka pamwamba pa dzenje ngati chivindikiro cha moto. Lawi limenelo limadya okosijeni yense asanafike pansi, ndiye zapansi zimasanduka makala osapsa mpaka phulusa. Mukangoona kaphulusa koyera kayamba kuoneka pa nkhuni zapamwamba, ndi nthawi yoyala mzere wina. Mukachedwa mupeza phulusa. Mukafulumira kapena kuunjika zambiri, lawi limatsamwa, utsi woyera umabuka, zina zimatsala zosapsa. Moto ukamayenda bwino utsi umakhala wochepa zedi, umangoona mpweya ukunjenjemera pamwamba. Mumapitiriza chomwecho mpaka dzenje lidzaze, mwina maola awiri kapena atatu, ndipo simuchokapo.

Njira imeneyi ndi yomwe ili pa ng'anjo yachitsulo yotchedwa Kon-Tiki, imene Hans-Peter Schmidt wa ku Ithaka Institute ku Switzerland ndi Paul Taylor anaifalitsa mu 2014. Yawoyo ndi yachitsulo, koma dzenje lokumba limagwira ntchito mofanana.

Wa Nazale: Ndaona pamene ndimalakwitsa. Ndimadzaza dzenje lonse kaye kenako n'kuyatsa. Nanga kuzimitsa?

Mmisiri wa Migolo: Madzi ambiri, mpaka makala amire. Musanyengedwe ndi kuda kwa pamwamba. Tsiku lina ndinawaza ndowa ziwiri zokha, ndinaona kuti kwada, nthunzi yasiya, ndinapita kukagona. M'mawa ndinapeza dzenje lonse lili mbuu, phulusa lokhalokha, ntchito ya tsiku lonse itapita. Kuyambira pamenepo ndimathira madzi, ndimavundula ndi fosholo, ndimathiranso, kenako ndimapisa dzanja pakati kuti ndimve ngati mwazizira. Kumene madzi ndi osowa, kwirirani ndi dothi lonyowa lochindikala, mupondereze kuti mpweya usalowe, mudikire masiku angapo osafukula.

Kuti mudziwe ngati apsa bwino, tengani chidutswa muthyole. Chizithyoka mosavuta, chikhale chakuda mpaka pakati, chopepuka. Mukagwetsa zidutswa zouma pamodzi zimalira ngati magalasi. Asamanunkhe utsi kapena phula. Mukawafikisa m'manja, kudako kuchoke ndi madzi okha. Ngati manja akuchita mafuta mpaka kufuna sopo, ndiye kuti muli phula, sanapse mokwanira.

Namwino Wolima: Ndilowererepo pa za chitetezo, chonde. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha, koma umapha. Ntchito imeneyi ichitikire panja, pamalo opita mphepo, kutali ndi nyumba ndi udzu wouma, ana asayandikire dzenje. Musawotche matabwa opakidwa penti, mapulasitiki, kapena mitengo yothiridwa mankhwala oteteza ku chiswe. Ina mwa mitengo imeneyi imakhala ndi mankhwala apoizoni a arsenic, chromium ndi kopa, ndipo zimenezi sizipsa, zimatsalira m'makala ndi m'phulusa n'kukalowa m'munda mwanu. Pophwanya, makala akhale onyowa. Fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka msanga.

Wadimba: Zikomo anamwino. Ine ndinaphwanya ouma, ndinatsokomola zakuda masiku awiri. Ulendo wina ndinyowetsa. Kodi aphwanyidwe kufika pati?

Mayi wa Nkhuku: Ngati njere za chimanga kutsika m'munsi. Asakhale ufa, umauluka ndi mphepo komanso umakokoloka. Ine ndimaika m'thumba ali onyowa n'kumapondaponda. A zitsononkho savuta, amafumbutuka ndi dzanja.

Wolima Kudambo: Ine ndinene zanga ngakhale zisiyane ndi za anzanga. Ndinachita zonse mwadongosolo, ndinadyetsa makala mu kompositi mwezi wathunthu, ndinathira theka la munda. Zaka ziwiri tsopano, kusiyana sindikukuona. Mbali zonse zimabereka chimodzimodzi. Dothi langa ndi lakuda, lamakande, lachonde kale. Ndiye anthu asamalonjezedwe zozizwitsa.

Mlangizi wa Nthaka: Zimene mwaonazi zikugwirizana ndi zimene ofufuza anapeza, ndipo ndikuthokoza kuti mwazinena. Simon Jeffery ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri. Mu 2011 anapeza kuti pa avereji zokolola zimakwera ndi pafupifupi 10 peresenti, koma zotsatira zinali zosiyanasiyana kwambiri, kwina zokolola zinatsika kumene. Mu 2017 anaunikanso n'kupeza kuti m'madera otentha zokolola zimakwera ndi pafupifupi 25 peresenti, pamene m'madera ozizira, a nthaka yachonde kale, phindu silinaoneke. Chifukwa chachikulu ndi asidi. Makala ambiri, makamaka okhala ndi phulusa, amachepetsa asidi m'nthaka monga amachitira layimu. Dothi likakhala ndi pH (muyeso wa asidi, ukatsika ndiye kuti asidi wachuluka) yochepera 5.5, aluminiyamu amasungunuka n'kumapsereza nsonga za mizu, fosiforasi nayenso amamangika osapezeka ku mbewu. Makala akakweza pH, mavuto awiriwa amachepa. Pa dothi lamchenga phindu lina ndi chinyezi, madzi amakhalitsa pang'ono ikachita ng'amba. Koma dothi ngati lanulo limagwira kale madzi ndi michere, makala alibe chambiri chowonjezera. Ndipo kumene nthaka ili kale ndi pH yokwera, kuthira makala ambiri kungabweretse vuto, mbewu zimalephera kutenga ayironi ndi zinki, masamba ansonga n'kuchita chikasu.

Wolima Kudambo: Ndiye kuti anga ndingowapititsa ku kamunda kakumtunda, kamchenga kaja. Kumeneko chimanga chimafota dzuwa likangowala masiku anayi.

Mlangizi wa Nthaka: Kumeneko ndiye kwawo. Koma musiyeko mizere ingapo yothira kompositi yekha wopanda makala, kuti mudzadziwe chimene chagwira ntchito. Ambiri amathira makala ndi manyowa pamodzi, mbewu zikakondwa amatamanda makala, pamene mwina ndi manyowa okha.

Wophunzira za Nyengo: Ndiwonjezere mbali ina mwachidule. Chitsononkho chikawola kapena kupsa mpaka phulusa, kaboni wake pafupifupi yense amabwerera mumlengalenga. Chikasanduka makala opsa bwino, gawo lina la kaboniyo limakhala m'nthaka zaka mazana. Kilogalamu imodzi ya kaboni wosungidwa ikufanana ndi makilogalamu pafupifupi 3.67 a carbon dioxide, mpweya umene ukutenthetsa dziko. N'chifukwa chake lipoti la 2018 la IPCC, bungwe la United Nations loona za kusintha kwa nyengo, linatchula biochar pakati pa njira zochotsera mpweya umenewu mumlengalenga. Koma dzenje lofuka utsi wambiri limatulutsa mwaye ndi methane, mpweya winanso wotenthetsa dziko, phindu lija n'kuchepa. Choncho kawotchedwe koyera kamene afotokoza amisiri aja n'kofunika pa zonse ziwiri, nthaka ndi nyengo.

Mphunzitsi Wopuma: Mwanena bwino mwanawe. Ine chimene chimandikhudza n'choti chinthu chosawola sichichotsekanso. Manyowa ukalakwitsa, chaka chamawa atha. Makala ukathira oipa kapena ochuluka, ukhala nawo. N'chifukwa chake ndimati kuona maso a nkhono n'kudekha: bedi limodzi kaye, nyengo imodzi, kenako uwonjezere.

Wadimba: Ndabweranso, patha masiku 12. Ndinachita monga munandiuzira, manyowa amadzi a zitosi kawiri pa sabata. Masamba akale achikasu aja sanabwerere, ena ndawathothola, koma nsonga zatsopano zatuluka zobiriwira kwambiri ndipo mitengo yayamba kunenepa. Akadali ofupikirapo poyerekeza ndi a bedi lachitatu. Chimene chandidabwitsa ndi madzi. Dzulo madzulo ndinapisa chala pa mabedi onse. Bedi lopanda makala linali louma mpaka chala chonse, a makala aja munali chinyezi pongopyola chikhadabo. Ndinafukulanso pang'ono m'mbali mwa mbewu imodzi, ndinapeza kamuzu katakulunga kachidutswa ka chitsononkho chakuda, ndinakabwezera mosamala.

Mayi wa Nkhuku: Nkhani yabwino achimwene, ndakondwa nanu. Pitirizani kudyetsa mpaka ayambe maluwa.

Wadimba: Ndipitiriza amayi. Ndawotchanso zitsononkho zina, ulendo uno mzere ndi mzere monga anenera amisiri, utsi unali wochepa ndipo zosapsa zinali zowerengeka. Ndapeza ndowa 4. Sindithira m'munda, ndikufuna zipite pa mulu wa kompositi umene ndikuyamba Loweruka. Alangizi, ndiike ochuluka bwanji, ndipo ndiwayale pansi kapena ndisakanize?

Mlangizi wa Nthaka: Sakanizani, musawayale pansi pokha. Ndowa imodzi ya makala onyowa pa ndowa 9 za zinyalala ndi ndowe, muziwaza pang'onopang'ono pa mzere uliwonse pamene mukumanga mulu, makamaka pamwamba pa ndowe zaziwisi kuti agwire nayitrojeni amene akanathawa ndi fungo. Ndowa 4 zanuzo zikwana mulu wa ndowa 40. Makala amamwa madzi, ndiye mulu wotere umafuna kuthirira kuposa mmene munazolowera. Mukafinya m'dzanja pazituluka dontho limodzi kapena awiri. Potembenuza koyamba mudzatiuze ngati pakati patentha.